Mawu a Achemwali pa Chimbale Chachiwiri

Kwaya yathu ya ku Chifunga inajambula chimbale chimodzi chokha chiyambire, ndipo chimbale chimenecho chinatsala pang'ono kundidanitsa ndi mlongo wanga mpaka kumanda. Ine ndine mphunzitsi wa kwayayo. Mlongo wangayo ndi wamkulu kwa ine, ndimawatchula kuti achemwali, ndipo pa chimbalecho ndi iwo amene amatsogolera nyimbo yachinayi, imene anthu ankaikonda kuposa zonse. Amayamba okha, ife tonse n'kumavomera pambuyo.

Tinajambula kale, imvi zisanandipeze. Tinapita ku Blantyre pa lole, tinaimba tsiku lathunthu m'kachipinda kotentha kopanda zenera, ndipo patapita milungu ingapo zimbale zinafika m'makatoni awiri. Zinali zokongola. Kunsi kwake kunkanyezimira ngati siliva, pamwamba panali chithunzi chathu titavala yunifolomu, ndipo chilichonse chinali m'kabokosi kake kokutidwa ndi pulasitiki. Sizinachedwe kutha. Anthu anagula mpaka ku Lisungwi ndi ku Boma, moti ukamadutsa pamsika unkamva achemwali akuimba m'wailesi ya munthu amene sawadziwa n'komwe.

Zaka zinapita, zimbale zija zinakalamba monga zimakalambira zinthu kwathu kuno, ndi fumbi, dzuwa ndi manja a ana. Chikayamba kudumphadumpha, mwini wake ankachipaka mankhwala otsukira mano n'kuchipukuta ndi chitenje. Chinkalira bwino masiku awiri, kenako n'kuferatu. Achinyamata amene analowa kwaya pambuyo pake ankangomva mbiri yake. Ndiye mpingo unagwirizana kuti tikachulukitse zina, ndipo unatuma ine.

Ndisabise, pa nthawiyi n'kuti ine ndi achemwali titakhumudwitsana kale. Tonse awiri tinatengera mtima wapachala wa bambo athu. Achemwali ali ndi mawu amphamvu, sindikana, koma ali ndi khalidwe lokoka liwu lomaliza. Anzawo apuma kale, iwo akadali m'mwamba. Ndinawauzapo mofatsa kangapo, osasintha. Tsiku lina pa maphunziro a kwaya ndinaimitsa nyimbo pakati n'kunena anthu onse akumva kuti, "Achemwali, kwaya ndi gulu. Mukafuna kuimba nokha, kumunda malo aliko ambiri." Atsikana anaseka, ine ndinadziona ngati ndalankhula zanzeru. Mlungu wotsatira ndinapatsa mtsikana wina mbali yotsogolera nyimbo yatsopano. Achemwali ankabwerabe ku maphunziro, koma ankaima mzere wakumbuyo.

Ndinapita ku Blantyre mtima udakali wotero. Mwini situdiyo anali mnyamata yemwe uja anatijambula poyamba, kungoti anali atanenepa ndipo foni sinkachoka kukhutu kwake. Nyimbo zathu anali nazobe m'kompyuta. Anatsegula imodzi kuti nditsimikize kuti ndi zathu, ndipo tsoka lake inalira yachinayi. Nditamva achemwali akukoka liwu lija, mkwiyo wanga wa ku maphunziro unadzuka.

"Mayi ameneyu mawu ake anakwera kwambiri," ndinatero. "Akuphimba anzake."

"Zing'onozing'ono izo, madala, tikonza," anayankha, maso ali kwina, akulankhulanso ndi munthu wa pa foni.

Sindinanene kuti konzani. Sindinanenenso kuti musakhudze. Ndinangonyamula chikwama changa n'kutuluka, ndipo pofika podikirira minibasi n'kuti nditaiwala kale.

Zimbale zatsopano zinabwera zosiyana maonekedwe ndi zakale. Kunsi kwake kunali kobiriwira, pamwamba pepala lomata, ndipo m'malo mwa mabokosi zinali m'timatumba ta pulasitiki. Tinagwirizana kuti tiziliza Lamulungu mapemphero akatha, mpingo wonse umve. Woyang'anira makina a kutchalitchi kwathu ndi alamu anga, amuna awo a achemwali, munthu wokonda mawaya kuposa chakudya. Analumikiza dividi ku chokuzira mawu, anaika chimbale, ife n'kukhala chete.

Nyimbo zitatu zoyamba zinadutsa bwino, amayi akuvomera ndi mitu. Itafika yachinayi, ng'oma inalira, ndipo pamalo pamene achemwali amayenera kulowa panangomveka kaliwu kakutali, ngati munthu akuitana mbuzi kutsidya kwa mtsinje. Kenako gulu linavomera mwamphamvu, kuvomera munthu amene sanamveke. M'tchalitchi monse anthu anatembenuka kuyang'ana achemwali, kenako anayang'ana ine. Achemwali anaimirira, anamanga chitenje bwinobwino, n'kutuluka nyimbo isanathe. Ine nthawi yomweyo ndinakumbukira zimene ndinanena ku situdiyo.

M'mawa mwake ndinapita kwawo. Ndinawapeza akupeta nandolo pakhonde.

"Odi, achemwali. Mwadzuka bwanji?"

"Mwadzatenganso chiyani, achimwene? Mawu munatenga kale."

"Ine sindinachite kanthu."

"Kundichotsa kutsogolo sikunakukwanireni, eti? Mpaka kukwera minibasi kukandifufuta ku Blantyre? Tayesa kunyumba kuno pa makina a alamu anu, n'chimodzimodzi. Adzukulu anga akadzafunsa kuti agogo ankaimba bwanji, ndidzawamvetsa chiyani?"

Ndinakana. Ndinakana mokweza, ndikumenya pachifuwa, mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Munthu wosalakwa sakana choncho, ndipo ndikuganiza kuti achemwali anaziona. Anatola lichero lawo n'kulowa m'nyumba. Chitseko sanachimenyetse, anangochitseka pang'onopang'ono.

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kundilankhula. Nyumba zathu zayandikana, ndipo njira yopita ku mjigo imadutsa pakhomo panga. Anayamba kuzungulira njira ya kuseri kwa sukulu, ndowa ili pamutu, dzuwa la ku Chifunga likuwotcha. Tikakumana pamaliro ankandipatsa moni wa mlendo, woyang'ana kumbali. Ku kwaya anasiyiratu. Mayi athu anamwalira ndili wamng'ono, ndipo munthu amene anandilera ndi achemwaliwa, kotero zimenezi zinandipweteka kwambiri. Choipitsitsa chinali chakuti sindinkadziwa ngati akundinamizira kapena akunena zoona. Mwina mnyamata wa ku situdiyo uja anachitadi zimene anati achita.

Ndinamuimbira foni. Poyamba sanandikumbukire. Atandikumbukira anati, "Ndi zomwezo, madala, palibe chasintha." Ndinamufunsa ngati anakhudza nyimbo yachinayi. Anati, "Eya, zonse zili bwinobwino." Munthu wovomera chilichonse sungamuike pa umboni. Ndikanamufunsa ngati anaikamo kulira kwa ng'ombe, ndikhulupirira akanati eya.

M'mudzi nkhaniyi inasanduka sukulu. Aliyense anakhala katswiri wa zimbale. Ena ankati zobiriwira kunsizi n'zowotcha pa kompyuta, mawu ake sakhala okhwima ngati a zasiliva zopangidwa ku fakitale. Ena ankati nyimbo ikakhalitsa m'kompyuta imasuluka ngati nsalu. Mkulu wina wa mpingo ananyamula chimbale chatsopano m'dzanja n'kulengeza kuti n'chopepuka, ndiye mawu ena ayenera kuti anatsalira. Alamu anga ankati chimbale ndi chimbale, sichingataye munthu mmodzi n'kusiya anzake pokhapokha wina atachiuza, ndipo ponena zimenezi ankandiyang'ana ine. Ambiri ankalumbira kuti nyimbo zonse khumi zasintha, besi yachepa, ng'oma yauma. Ine ndemwe, ndi khutu langa la uphunzitsi limene ndimanyadira, ndinayamba kumva kusiyana paliponse. Komatu tonsefe tinkayerekeza chimbale chatsopano ndi chimene chinali m'mitu mwathu. Panalibe amene anamvapo chakale kwa zaka.

Ndinaganiza zofunafuna chakale chimene chikulirabe, kuti tilize ziwirizo motsatizana. Ndinkaopa zotsatira zake, koma kukhala osadziwa kunali kundidya. Ndinayenda khomo ndi khomo kwa onse amene ndinkakumbukira kuti anagula. Chimodzi ndinachipeza m'munda wa mapira, chomangidwa pa chingwe kuti chizinyezimira kuopseza mbalame, nkhope zathu zitafufutika ndi mvula. China chinali kumbuyo kwa njinga ya wogulitsa makala, kuti magalimoto azimuona. China mayi wina ankavundikirira kapu ya mchere. Mwini wake wa chija cha m'munda anandiuza mokondwa kuti kwaya yathu imagwira ntchito kuposa chiopsezo cha nsanza, ndipo sindinadziwe ngati ndithokoze. Chimodzi chokha n'chimene chinalirako, kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito ku Lisungwi, koma chinkafika pakati pa nyimbo yachiwiri n'kuyamba chibwibwi. Ndinabwerako chimanjamanja.

Patapita miyezi itatu ndinapita pa Zalewa kukagula babu. Sitolo imene ndimagulako zotere ndi ya bambo wina wachisilamu, wachikulire, wofatsa, amene amagulitsa mawailesi, mabatire ndi zipangizo za sola. Ndikuwayang'ana akukulunga babu ija, ndinakumbukira kuti lole imene inatitengera ku Blantyre kukajambula inali yawo, ndipo zimbale zitatuluka tinawapatsa chimodzi powathokoza. Ndinafunsa mosayembekezera kanthu.

"Chilipo," anatero. "Mphatso sataya."

Anatumiza uthenga kunyumba kwawo kuseri kwa sitoloyo, ndipo chinabwera. Chinali chikadali m'pulasitiki yake, chosatsegula. Kwa zaka zonsezi chinkakhala m'kabati ya magalasi pamodzi ndi mbale za alendo.

"Musakhumudwe, aphunzitsi," anatero. "Nyimbo zanu si za chipembedzo changa, ndiye sindinalize. Koma anthu anandilemekeza nacho, ndinachisunga."

Ndinawafotokozera nkhani yonse, kupatulako mawu anga a ku situdiyo aja. Anati ngati ndikufuna tikhoza kuliza pomwepo, mawailesi ali mbwee. Dzanja langa linafika pa pulasitiki, koma ndinalibweza. Ndinati ndikatsegula ndekha achemwali adzanena kuti ndasinthanitsa. Chimenecho chinali chifukwa chabwino, koma chifukwa chenicheni chinali mantha. Bambowo anati, "Abweretseni. Atsegule okha, amve okha. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa."

Ndinadzera kwa alamu, chifukwa achemwali sakanandimvera. Alamu atamva kuti kuli kuyesa makina, maso anawala. Anakambirana ndi akazi awo masiku awiri. Yankho linabwera lakuti apita, koma sakwera minibasi imodzi ndi ine.

Tinapita Lachisanu, ndipo palibe mwa ife amene anaganiza kuti Lachisanu masana mwini sitolo amakhala ku mzikiti. Tinapeza potseka. Tinakhala pakhonde la sitolo kudikira, achemwali kumapeto uku, ine kumapeto uko, alamu pakati akuyesa kuyambitsa nkhani za mtengo wa mbuzi popanda wowayankha. Malole ankadutsa pamsewu, amayi ogulitsa malambe ankatiyang'ana. M'chikwama mwanga munali chimbale chatsopano. Ndinkaganiza zimene ndinganene chikapezeka kuti n'chosiyana, ndipo sindinapeze mawu alionse oti n'kuimirira nawo pamaso pa achemwali.

Bambo aja atabwera anatilonjera mwaulemu, anatsegula, n'kutipatsa mipando m'kati. Anatsitsa wailesi yatsopano pa shelefu, ya masipika awiri, imodzi anaika kumanja kwa tebulo logulitsirapo, ina kumanzere. Alamu anafunsa ngati sizivuta kuliza nyimbo za kutchalitchi m'sitolo mwawo.

"Kuyanjanitsa munthu ndi mlongo wake si tchimo ku chipembedzo chilichonse," anatero, n'kupereka chimbale chakale kwa achemwali.

Achemwali anachitembenuza kawiri, anayang'ana chithunzi chathu, kenako anang'amba pulasitiki ndi dzino. Mwini sitolo anachiika n'kudumphira ku nyimbo yachinayi. Ng'oma inalira. Ndiyeno achemwali analowa, mawu athunthu, okwera, odzaza sitolo yonse, moti mayi wina amene ankadutsa panja anaima pakhomo. Ndinali nditaiwala kuti ankaimba chonchi. Zimene ndinamva kutchalitchi tsiku lija sizinkafika ngakhale theka la izi. Mtima wanga unagwa. Ndinadziuza kuti basi, mlandu wandipeza, mnyamata uja anakonzadi. Achemwali sanandiyang'ane. Anangopinda manja pachifuwa, milomo ikutsatira nyimbo mwakachetechete.

"Tsopano chatsopano," anatero mwini sitolo.

Ndinachitulutsa m'chikwama n'kuwapatsa. Anachiika. Ng'oma inalira, ine ndinatseka maso. Ndipo achemwali analowa, mawu omwe aja, athunthu, mpaka kukoka kwa liwu lomaliza kumene kunayambitsa zonsezi. Sindinakondwerepo ndi kukoka kumeneko ngati tsiku limenelo. Mpweya umene ndinaugwira miyezi itatu unatuluka wonse nthawi imodzi.

"Simunasinthe chimbale," anatero achemwali kwa mwini sitolo. "Mwaliza chomwe chija."

Anawaonetsa. Chasiliva chinali pa tebulo, chobiriwira chinali m'wailesi.

"Komabe chakalechi chikumveka bwino," anatero achemwali. "Chili ndi mafuta. Ichi n'chouma."

Alamu anavomereza msanga, monga amachitira. Ine, popeza mtima unali utayamba kukhala pansi, uphunzitsi wanga unadzuka, ndipo ndinati kunena zoona besi ya chakale ndi yozama pang'ono, khutu lozolowera likhoza kumva. Onani munthu. Ndangopulumuka kumene, ndayamba kale kudzikumbira dzenje lina.

Mwini sitolo anamwetulira. Anatembenuza wailesi kuti iyang'ane kwa iwo, anaimika katoni patsogolo pake kuti tisaone manja awo, n'kunena kuti aziika chimbale chimene afuna, ife tizinena kuti n'chiti. Analiza koyamba. Achemwali anati chakale, alamu anati chakale, ine ndinapendeka mutu ngati dokotala n'kunena kuti chakale mosakayika. Chinali chatsopano. Analiza kachiwiri. Tonse tinati tsopano ichi ndiye chouma chija, chatsopano. Chinalidi chatsopano, ndipo alamu anaomba m'manja, mpaka mwini sitolo anatiuza kuti sanachitulutse n'komwe, ndi chomwe chija tinachitcha chakale poyamba. Tinapitiriza kangapo. Nthawi zina tinkalondola, nthawi zina ayi, monga mmene amachitira munthu wongolota. Pomaliza ine ndinalumbira pa besi yozama ija, ndipo ndinaphonya. Khutu langa la uphunzitsi linachita manyazi pamaso pa mayi wina amene analowa kudzagula machesi.

"Ine si katswiri," anatero mwini sitolo, "koma mmene ndimadziwira, chikachokera pa gwero limodzi popanda wochigwiragwira, nyimbo imakhala yomweyo. Chobiriwirachi mwina chidzafa msanga mukachisiya padzuwa, ndipo mawailesi ena akale amachikana. Koma chikalira, chimalira zomwezo. Maso ndi amene amatiuza kuti chonyezimira n'chokoma."

"Nanga kunyumba kwanga mawu anga amapita kuti?" anafunsa achemwali. "Kutchalitchi mpingo wonse unamva. Kodi tonse tinapenga?"

Funso limenelo linali loona, ndipo mantha anga anabwererako pang'ono. Mwini sitolo anatembenukira kwa alamu.

"Kunyumba mumalizira chiyani, bambo?"

Alamu anakhala tsonga. Anafotokoza monyadira kuti wailesi yakale ya masipika awiri inafa kalekale, ndiye pano ali ndi dividi yolumikiza ku chokuzira mawu, sipika imodzi yaikulu, zonse pa batire ya sola. Anati sipika yachiwiri anaichotsa dala chifukwa masipika awiri amadya moto kawiri, ndipo batire simafika madzulo.

"Kumbuyo kwa dividi kuli mawaya awiri a mawu, wofiira ndi woyera. Mumalumikiza onse?"

"Wofiira basi," anatero alamu. "Wofiira ndiye wamoto. Woyerawo ndi wapadera, wodikira mnzake akaduka. Ndinausunga bwino m'chitini."

"Kutchalitchi analumikiza ndani?"

"Ine ndemwe. Chimodzimodzi."

Mwini sitolo anatenga chimbale chakale, chasiliva chija chimene achemwali anang'amba okha, ndipo anachionetsa kwa tonse asanachiike. Nyimbo yachinayi itayamba, achemwali ali pakati pa mzere woyamba, anafikira kumbuyo n'kuzula waya wa sipika ya kumanzere. Achemwali anazimiririka. Panatsala kaliwu kakutali kaja, kenako gulu likuvomera mwamphamvu. Anabwezera waya, achemwali anabwerera. Anazulanso, anapitanso.

Anatifotokozera kuti wojambula uja anaika wotsogolera mbali imodzi, ovomera mbali ina, kuti zizimveka ngati akuyankhana. Waya woyera ndi umene umanyamula mbali ya achemwali. Nyimbo zinazo tonse tinkaimbira pamodzi, n'chifukwa chake sizinaonetse vuto. Kale anthu ankalizira mawailesi okhala ndi masipika awiri omangirira, opanda choti uzule, ndiye palibe amene anadziwa.

Achemwali anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana amuna awo.

"Ndiye kuti miyezi yonseyi ine ndili m'chitini?"

"Mayi, ine ndimasunga batire," anatero alamu, mawu atachepa.

"Ndazungulira kuseri kwa sukulu ndi ndowa pamutu miyezi itatu chifukwa cha batire yanu?"

Ndinayesetsa kudzigwira, koma ndinalephera. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo sikunali kuseka alamu kokha. Kunali kupepukidwa. Mwini sitolo anayang'ana kudenga, ndevu zikugwedezeka. Alamu anayamba kufotokoza kuti pa nzeru za magetsi maganizo awo sanali olakwika kwenikweni, koma palibe amene ankamvera. Potsiriza achemwali nawonso anaphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje, mapewa akugwedera.

Tinafuna kubweza chimbale chakale, koma mwini sitolo anachipereka kwa achemwali. Anati chakhala mokwanira pakati pa mbale, chipite kwa mwini mawu. Tinathokoza, ndipo alamu anatsalira m'sitolo kufunsa za sipika yachiwiri, nkhope ili yofatsa ngati mwana wobwera mochedwa kusukulu.

Ine ndi achemwali tinatuluka kukaima m'mbali mwa msewu kudikira minibasi. Za kukwera osiyana sanazitchulenso. Anagula chimanga chootcha, anachithyola pakati n'kundipatsira mbali ina osandiyang'ana. Ndinalandira. Ndikanatha kusiya zinthu pomwepo. Ndinali nditayera pamaso pa mboni, wolakwa atapezeka, ndipo mawu anga a ku situdiyo ankawadziwa ndine ndekha, poti amene ndinamuuza anali atawaiwala kalekale. Koma ndinasiya kudya n'kutembenukira kwa iwo.

"Achemwali," ndinatero, "pali chimene sindinanene."

"Nenani."

"Ku situdiyo kuja ndinanenadi kuti mawu anu anakwera kwambiri, akuphimba anzanu. Mnyamata uja anati akonza. Sindinamuletse. Kuti sanakonze, ndi ulesi wake, osati ubwino wanga. Miyezi yonseyi ndimaopa kuti munkanena zoona."

Anapitiriza kutafuna. Lole yodzaza makala inadutsa, tinadikira kuti phokoso lithe.

"Mukuganiza kuti mukundiuza zachilendo?" anatero. "Ndinakuberekani kumsana inu. Mukakana zinthu mukumenya pachifuwa, ndimadziwa kuti pali kanthu. Mukanakhala munthu woti simungachite zimenezo, ndikanayamba ndafunsa alamu anu za mawaya."

Zinandibaya, chifukwa zinali zoona, komabe mtima wanga unali wopepuka kuposa mmene unalili m'sitolo muja. Ndinapepesa, za ku situdiyo ndi za kumunda zija ndinanena pamaso pa atsikana. Sananene kuti ndakukhululukirani, achemwali satero. Anataya chitsononkho, anapukuta manja pa chitenje, n'kuyang'ana kumene kumachokera minibasi.

"Maphunziro akadali Lachitatu?" anafunsa.

"Lachitatu lomwe."

"Ndibwera. Koma liwu lomaliza lija ndikoka, ndipo inu mukhala chete."